Mawu a Chichewa pa Ntchito Yokonza Zithunzi Pakompyuta

1. Mawu Oyamba

Mabuku a sukulu, nyuzipepala ndi timabuku ta zaumoyo kapena zaulimi zimatuluka ndi zithunzi, ndipo pafupifupi chithunzi chilichonse chimayamba chadutsa pakompyuta chisanafike kwa osindikiza. Kale ntchito imeneyi idali ya akatswiri ochepa otsuka mafilimu m'chipinda chamdima. Masiku ano mkonzi, mlembi, ngakhalenso mphunzitsi wokonza mayeso amaigwira yekha. Koma malangizo a mapulogalamu ake ali m'Chingerezi, ndipo anthu akamafotokozerana m'Chichewa amadalira aneni ochepa, monga kukonza, kukulitsa, kudula ndi kuwalitsa, pa ntchito zambiri zosiyana. Zotsatira zake zimaoneka papepala: nkhope zachimbuuzi, mitundu yozilala, ndiponso anthu ooneka ngati wina wawapsinja.

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza ntchito zikuluzikulu za mapulogalamuwa, zovuta zimene zimabuka kawirikawiri, ndi mawu amene angathandize pozifotokoza. Mfundo yake ndi yakuti pamene makina amasiyanitsa zinthu ziwiri, chiyankhulo nachonso chiyenera kuzisiyanitsa. Mawu amodzi akaimira ntchito ziwiri, wotuma ndi wotumidwa amamvana pakamwa koma amasiyana pochita.

2. Mapulogalamu Ake

Pulogalamu yodziwika kwambiri ndi Adobe Photoshop. Adaiyamba ndi abale awiri, Thomas Knoll ndi John Knoll, m'chaka cha 1987, ndipo idayamba kugulitsidwa mu 1990. Ina ndi GIMP, imene Spencer Kimball ndi Peter Mattis adaiyamba mu 1995 akuphunzira ku University of California, Berkeley. GIMP ndi yaulere, motero imathandiza sukulu ndi mabungwe amene sangathe kulipira Photoshop. Mayina awiriwa ndi mayinamwini, choncho alembedwe monga momwe eni ake amalembera.

Pakamwa pa anthu ena pamamveka mneni wakuti kufotoshopa. Tanthauzo limene mneniyu wanyamula ndi lonamiza anthu ndi chithunzi, kotero sayenera kuimira ntchito wamba yokonza zithunzi. Mkonzi akauza wojambula kuti chithunzi chake chafotoshopedwa, amakhala atamuneneza.

3. Pikiselo ndi Kadontho

Chithunzi cha pakompyuta chimapangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere, ndipo kabokosi kalikonse kali ndi mtundu umodzi wokha. Chimafanana ndi lamba wa mikanda: munthu akaima patali amaona maluwa ake, koma akayandikira amaona mkanda umodziumodzi. Kabokosika m'Chingerezi kamatchedwa pixel. Chithunzi chimene Russell Kirsch adalowetsa m'kompyuta ku America mu 1957 chidali ndi timabokosi 176 m'litali ndi 176 m'lifupi basi, pamene foni wamba ya masiku ano imajambula chithunzi cha timabokosi mamiliyoni angapo.

Dzinali ndi loyenera kubwereka, ndipo lilembedwe kuti pikiselo. Malembo a liwu aikidwa pakati pa malembo opanda liwu kuti maphatikizo amveke Chichewa, ndipo phatikizo lotsiriza likutsata mawu obwereka akale monga tebulo, pensulo ndi botolo. Lamulo lodziwika la kalembedwe limati r ndiye amatsatira i kapena e, monga mu lira ndi lera, koma mawu obwereka ngati wayilesi ndi fayilo adazika mizu ali ndi l, ndipo pikiselo ikutsatira omwewo. Pochulukitsa ndi mapikiselo: pikiselo imodzi, mapikiselo awiri.

Ena amakonda kumasulira dzinali kuti kadontho. Vuto lake ndi lakuti makina osindikizira nawonso ali ndi timadontho tawo ta inki, ndipo pamafunika timadontho tingapo kuti pikiselo imodzi ituluke papepala. Ndi bwino tsono kuti pikiselo ikhale ya m'fayilo ndi pasikirini, ndipo kadontho kakhale ka inki.

4. Kukula Kutatu

Zovuta zambiri zimachokera m'mawu akuti kukula, chifukwa chithunzi chimodzi chili ndi kukula kutatu. Koyamba ndi chiwerengero cha mapikiselo ake. Kwachiwiri ndi muyeso wake papepala, m'masentimita kapena mainchi. Kwachitatu ndi kulemera kwa fayilo, ndiye kuti malo amene fayiloyo imatenga m'kompyuta. Wosindikiza akanena kuti chithunzi chachepa, kawirikawiri amatanthauza koyambako, pamene mlembi amaganiza za kwachiwiri, n'kungochikoka m'makona kuti chidzaze tsamba.

Chimene chimalumikiza chiwerengero ndi muyeso ndi kuthithikana kwa mapikiselo, kumene m'Chingerezi amati resolution. Osindikiza mabuku amafuna mapikiselo pafupifupi 300 pa inchi imodzi, ndipo inchi ndi masentimita 2.54. Motero chithunzi cha mainchi 4 m'lifupi ndi 6 m'litali chimafuna mapikiselo 1,200 ndi 1,800, ndipo chodzaza tsamba la A4 chimafuna 2,480 ndi 3,508. Chithunzi cha mapikiselo 600 m'lifupi chingatuluke bwino pa masentimita 5 okha. Chikakokedwa kufika masentimita 20, inchi iliyonse imatsala ndi mapikiselo osafika 80, ndipo diso limayamba kuona timabokosi kapena chimbuuzi.

Apa pali zinthu zitatu zoyenera kuzidziwa. Choyamba, kungosintha nambala ya kuthithikana kuchoka pa 72 kufika pa 300 sikuonjezera kanthu kalikonse kamene kamera sidajambule. Chachiwiri, pulogalamu ikauzidwa kuti ichulukitse mapikiselo, imangoyerekeza atsopanowo poyang'ana oyandikana nawo. Mapulogalamu atsopano amayerekeza mwaluso kwambiri, komabe zimene amaikapo ndi zopeka, ndipo angathe kusintha nkhope ya munthu kapena malembo a pachikwangwani. Chachitatu, chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp kapena chotengedwa pa Facebook nthawi zambiri chimakhala chitachepetsedwa kale panjira. Mankhwala ake ndi kupempha fayilo yoyambirira kwa wojambula, ndipo ngati ikudzera pa WhatsApp, itumizidwe ngati chikalata.

Kukulitsa kusiyanitsidwenso ndi kuonera pafupi, kumene m'Chingerezi amati zoom in. Woonera pafupi ali ngati munthu wosendeza buku kumaso: buku silidasinthe. Wokulitsa ndiye amasintha chithunzi chenichenicho. Ndipo pokulitsa kapena pochepetsa, m'litali ndi m'lifupi ziyenera kuyendera pamodzi. Mapulogalamu ambiri ali ndi kachizindikiro ka unyolo pakati pa nambala ziwirizi. Unyolowo ukamasulidwa, munthu wamtali amatuluka wamfupi ndi wonenepa.

5. Kudula, Kuzungulitsa ndi Kutembenuza

Mneni wakuti kudula amagwiritsidwa ntchito pa zinthu ziwiri zimene Chingerezi chimati crop ndi cut. Yoyamba ndi kuchotsa m'mbali mwa chithunzi kuti patsale pakati pofunikapo, ndipo itchedwe kudula m'mbali. Yachiwiri ndi kuchotsa kanthu pamalo pake ndi cholinga chokakamata pena, ndipo itchedwe kuzula, popeza chozulidwa chimakawokedwa kwina. Wodula m'mbali azikumbukira kuti akutaya mapikiselo. Nkhope imodzi yotengedwa pachithunzi cha gulu la anthu makumi atatu siingadzaze chikuto cha buku.

Kutembenuza nakonso kuli pawiri. Chithunzi chogona chikaimikidwa, kapena chopendekeka chikawongoledwa, kumeneko ndi kuzungulitsa, ndipo palibe chimene chanamizidwa. Koma chikatembenuzidwa ngati pagalasi, dzanja lamanja limasanduka lamanzere, malembo a pamalaya amawerengeka chobwerera, ndipo pamapu a Malawi nyanja imasamukira kumadzulo. Okonza masamba amachita zimenezi pofuna kuti munthu ayang'ane m'kati mwa tsamba, koma m'buku lophunzitsira ndi m'nyuzipepala ndi kulakwa.

6. Zisanjikizo

Kuyambira mu 1994, Photoshop imalola kuti chithunzi chimodzi chikhale ndi mbali zingapo zosanjikizana, zimene m'Chingerezi amati layers. Zili ngati mapepala apulasitiki oonekera m'kati oikidwa lina pamwamba pa linzake: lapansi lili ndi chithunzi, lapakati lili ndi mivi yolozera, lapamwamba lili ndi mawu. Lililonse lingasunthidwe kapena kufufutidwa popanda kukhudza linzake.

Dzina lakuti gawo silikwanira pano, chifukwa limaimira kale mutu wa buku, chigawo cha tsamba ndi zina zotero, ndiponso silionetsa kuti china chili pamwamba pa chinzake. Kuchokera ku mneni wakuti kusanjikiza kungapangidwe dzina lakuti chisanjikizo, la m'gulu la Chi-Zi, monga momwe kuphatikiza kudaberekera phatikizo. Mphunzitsi angathe kunena kuti, "Mawu aikidwe pachisanjikizo chawochawo," ophunzira n'kumva msanga.

Dandaulo lofala la ophunzira ndi lakuti burashi yakana kulemba kapena chofufutira chakana kufufuta. Kawirikawiri pulogalamu imakhala ilibe vuto. Mwina munthuyo akugwira ntchito pachisanjikizo china, osati chimene akuchiyang'ana. Mwina chisanjikizocho ndi chokhoma, ndipo pambali pake pali kachizindikiro ka loko. Mwina ndi chobisika, ndipo kachizindikiro ka diso kazimitsidwa. Mwinanso pena pake pachithunzi pali kamalo kozingidwa kamene kadaiwalika. Kuzinga ndi ntchito imene Chingerezi chimati select, yoika malire kuti chida chigwire m'kati mwa malirewo mokha. Ambiri amaimasulira kuti kusankha, koma kusankha n'koyenera potola chida kapena fayilo pamndandanda. Kuzinga kumakumbutsa munthu kuti pali mpanda, ndipo chida sichingagwire kunja mpandawo usanachotsedwe.

7. Mitundu ndi Kuwala

Sikirini imapanga mitundu posakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, ndipo njirayi imatchedwa RGB. Pachithunzi wamba, kuwala kulikonse kuli ndi masitepe 256, kuyambira pa 0 kulekeza pa 255, ndipo kusakaniza kutatuku kumabala mitundu 16,777,216. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi, ndipo njira yake ndi CMYK. Ziwiri mwa inkizi ndi yachikasu ndi yakuda. Zinazo, cyan ndi magenta, zilibe mayina m'Chichewa: yoyamba ndi yabuluu wowala wopendekera kobiriwira, ndipo yachiwiri ndi yofiirira yopendekera ku pepo. Kuzitcha yabuluu ndi yofiira n'kusokoneza, popeza mayina amenewo ndi a RGB. Ndi bwino kubwereka kuti sayani ndi majenta, ndipo a wa m'phatikizo loyamba la sayani asasinthidwe ndi i, kuopa kuti dzinalo lingamveke ngati lamulo lakuti siyani.

Inki siingathe kutulutsa mitundu yonse imene kuwala kumatulutsa. N'chifukwa chake chitenje chobiriwira mowala pasikirini chimatuluka chozilala m'buku. Ndiponso pepala la nyuzi limamwa inki, timadontho n'kufalikira, chithunzi n'kuda kuposa mmene chimaonekera. Mkonzi wanzeru amafunsa wosindikiza njira ya mitundu imene akufuna, ndipo amapempha tsamba loyeserera buku lonse lisanasindikizidwe.

Dzina lakuti mtundu lili ndi matanthauzo ambiri, ndipo m'nkhani za zithunzi awiri amawombana: mtundu wa maonekedwe ndi mtundu wa fayilo. Funso lakuti, "Chithunzichi ndi cha mtundu wanji?" lingayankhidwe kuti chofiira kapena kuti JPEG. Pofuna kupewa zimenezi, mtundu usungidwire maonekedwe, ndipo za fayilo zitchedwe kasungidwe.

Pamafunikanso kusamala ndi aneni akuti kuwalitsa ndi kuyeretsa. Munthu wa khungu lakuda akajambulidwa ataima kutsogolo kwa khoma loyera kapena thambo lowala, kamera imayezera kuwala kwa kumbuyoko, ndipo nkhope imamira mumdima. Vutoli lili ndi mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkapereka kwa otsuka zithunzi makadi oyezera mitundu okhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, odziwika ndi dzina lakuti Shirley, ndipo kwa zaka zambiri khungu loyera ndilo lidali muyeso. Kukonza koyenera ndi kuwalitsa malo amdima okha mpaka maso, mphuno ndi milomo zioneke, pogwiritsa ntchito zida zotchedwa Levels kapena Curves. Kuwalitsa chithunzi chonse kumatuwitsa nkhope ndi kufafaniza zonse zoyera. Tsono mkonzi akalemba kuti nkhope iyeretsedwe, wogwira ntchito angamve kuti achotse timadontho ta fumbi, kapena kuti asinthe khungu la munthuyo. Pa fumbi anene kuti kuchotsa zipsera, pa mdima anene kuti kuwalitsa, ndipo kuyeretsa kusalowe m'malangizo okhudza nkhope.

8. Kasungidwe ka Fayilo

Kasungidwe kofala kwambiri ndi JPEG, kamene kadakhazikitsidwa mu 1992. Kamapeputsa fayilo pogawa chithunzi m'timagawo ta mapikiselo 8 m'litali ndi 8 m'lifupi ndi kutaya zina zimene diso silizizindikira msanga. Zotayidwazo sizibwerera. Chithunzi chikasinthidwa ndi kusungidwa mobwerezabwereza mu JPEG, chimaonongeka pang'onopang'ono, ndipo m'mphepete mwa malembo mumaoneka litsiro. Ntchito yopeputsayi itchedwe kupanikiza, ndipo pasiyanitsidwe kupanikiza kotaya ndi kupanikiza kosataya.

PNG, imene idatuluka mu 1996, imapanikiza mosataya ndipo imasunga malo oonekera m'kati. Malo otere pasikirini amaoneka ngati timabokosi totuwa ndi toyera. Chizindikiro cha sukulu kapena cha bungwe chikatuluka chili m'bokosi loyera pachikuto chamtundu wina, chifukwa chake nthawi zambiri n'chakuti chidasungidwa mu JPEG, imene siidziwa kuonekera m'kati. TIFF ndi yolemera koma osindikiza ambiri amailandira. PSD ya Photoshop ndi XCF ya GIMP zimasunga zisanjikizo zonse kuti ntchito idzapitirire tsiku lina.

Choncho kusunga kusiyane ndi kutulutsa. Kusunga ndi kuika ntchito pabwino pamodzi ndi zisanjikizo zake. Kutulutsa, kumene m'Chingerezi amati export, ndi kupanga fayilo ina yopita kwa wosindikiza kapena pa intaneti. Fayilo yoyambirira yochokera m'kamera isakhudzidwe. Ntchito yonse ichitike pa kope lake. Kumene magetsi amazimazima, kusunga pafupipafupi ndi mbali ya ntchito yomwe.

Pulogalamu ikayamba kuchedwa, chifukwa chake chingapezeke powerengera. Chithunzi cha A4 chotchulidwa kale chija, chikatsekulidwa mu RGB, chimatenga mamegabayiti pafupifupi 26, ngakhale fayilo yake ya JPEG ikhale yopepuka, ndipo chisanjikizo chilichonse chimaonjezera katundu. Photoshop imabwereka malo padisiki kuti igwirirepo ntchito, ndipo malowo akadzaza imalemba uthenga wonena za scratch disk n'kukana kupitiriza. Mankhwala ake ndi kutseka zithunzi zina ndi kuchotsa mafayilo osafunika padisikipo. Polemba mawu pachithunzi, lembo la ŵ, limene ena amalembabe m'dzina la Malaŵi, likatuluka ngati kabokosi kopanda kanthu, ndiye kuti malembo osankhidwawo alibe lemboli, ndipo pafunika kusankha ena.

9. Kukonza ndi Kusintha

Kusiyanitsa kofunika koposa ndi kwa kukonza ndi kusintha. Kukonza ndi kuthandiza chithunzi kuti chionetse bwino zimene kamera idaona. Kusintha ndi kuchotsa, kuonjezera kapena kusuntha zimene zili m'chithunzimo. Mu February 1982, magazini ya National Geographic idasendeza mapiramidi a ku Giza kuti akwane pachikuto, ndipo idadzudzulidwa kwambiri. Mu 2003, nyuzipepala ya Los Angeles Times idachotsa ntchito wojambula wake, Brian Walski, kaamba kophatikiza zithunzi ziwiri za nkhondo ya ku Iraq kuti zioneke ngati chimodzi. Mu March 2024, mabungwe otola nkhani monga Associated Press ndi Reuters adabweza chithunzi cha Catherine, Princess of Wales, ndi ana ake ataona kuti chidasinthidwa.

Owerenga amakhulupirira chithunzi kuposa mawu, ndipo mwana wasukulu alibe njira yotsimikizira zimene waona m'buku. Ngati chithunzi chasinthidwa pa chifukwa chomveka, monga kuphatikiza zithunzi pofuna kufotokoza phunziro, mawu a pansi pake anene poyera kuti chithunzichi n'chophatikiza kapena n'chosinthidwa. Kulemba kuti n'chokonzedwa n'kubisa.

10. Mndandanda wa Mawu

pixel: pikiselo, mapikiselo
resolution: kuthithikana kwa mapikiselo
file size: kulemera kwa fayilo
file format: kasungidwe ka fayilo
resize: kukulitsa kapena kuchepetsa
zoom in, zoom out: kuonera pafupi, kuonera patali
crop: kudula m'mbali
cut, paste: kuzula, kumata
rotate: kuzungulitsa
flip: kutembenuza ngati pagalasi
layer: chisanjikizo, zisanjikizo
select: kuzinga
compress: kupanikiza
save, export: kusunga, kutulutsa
cyan, magenta: sayani, majenta

11. Mawu Omaliza

Mawu a pamndandandawu ndi ongoperekedwa kuti ayesedwe, ndipo adzakhazikika pokhapokha anthu ogwira ntchitoyi atawalandira. Olemba ndi akonzi akupemphedwa kuti akagwiritsa ntchito liwu latsopano koyamba m'buku alifotokoze m'chiganizo chimodzi, kenaka asalisinthenso mpaka kumapeto kwa bukulo. Aphunzitsi akupemphedwa kuti aziyamba aonetsa ntchitoyo pakompyuta asanatchule dzina lake, ndipo aziona mawu amene ophunzira akuwamva msanga ndi amene akuwavuta. Pamene liwu lina lapezeka kuti likumveka bwino kuposa la pamndandandawu, lingalowe m'malo mwake, malinga ngati likusiyanitsa ntchito imodzi ndi inzake monga momwe makina amasiyanitsira.